Fiskani Wothirira Manda

Fiskani Mkandawire anabadwa pa 9 Juni 1999 kuno ku Bolero, ndipo chibadwire sanaonepo chinthu n'kuchisiya mmene wachipezera. Ndinamuphunzitsa sitandade 3. Tsiku lina ndinalemba mafunso a mayeso pabolodi, n'kutuluka kukaitana ana pabwalo. Pobwerera ndinapeza bolodi lili lonyowa, mafunso onse atafufutika, Fiskani ataima pambali ndi chidebe, akudikira kuti ndimuyamike. Anati linada ndi choko. Mwana woteroyo sungamukwapule, ndipo vuto lake ndi lomwelo mpaka lero.

Atamaliza folomu 4 ntchito inasowa. Anzake ena anapita ku Joni, ena anayamba kabaza. Iye anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana a mumpingo mwathu n'kuyambitsa gulu lothandiza anthu mwaulere, lotchedwa Tovwirane. Zabwino achita, ndisaname. Mjigo wa kusukulu unakhala wakufa chaka chathunthu, iwo anaukonza. Amasesa pamsika, amanyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Koma ndi omwewonso anakwirira maenje a mumsewu ndi dothi la pachulu, mvula itagwa galimoto ya matola inatitimira pomwepo. Fiskani anakankha nawo, akuseka.

Pa 23 Januwale 2021 tinataya a Amock Harawa, mkulu wa mpingo, m'masiku a mliri wa korona. Maliro a nthawi imeneyo sanali maliro. Azaumoyo ankafika ndi bokosi, kukwirira msangamsanga, ife titaima patali. M'milungu yochepa mitumbira isanu ndi iwiri inandandalikana kumapeto kwa manda a mpingo. Enawo anali anthu obwera, aphunzitsi ndi ogulitsa pamsika, ndipo abale awo anabwerera kwawo.

Mkazi wa malemuwo, amene tonse timawatchula aNyaChirambo, ali ndi ng'ala m'maso. Podziwa kuti dzina la pamtanda sangaliwerenge, anakatenga kwawo ku Khondowe maluwa ofiira aja a masamba ngati a nthochi, ophukira kumizu, n'kuwadzala pamtumbira wa amuna awo. Akapita kumanda ankapapasa masambawo, n'kukhala pansi.

Mwana wawo Laws, amene amagwira ntchito ku Joni, anagula mwala wa chiliza ku Mzuzu, n'kutumiza uthenga kuti afika pa 14 Okutobala 2023 ndi tchuthi chachifupi. Fiskani anamva chilengezocho m'tchalitchi. Anaganiza kuti alendo asadzapeze tchire kumanda, ndiponso kuti aNyaChirambo asauzidwe, adzangodabwa.

Munthu aliyense wamkulu kuno amadziwa kuti kumanda salowako ndi khasu popanda akuluakulu ndi eni mitumbira. Banja lililonse limalambula pake, chifukwa chimene iwe ukuchiyesa chinyalala ndi chizindikiro cha mnzako: phale, mwala, kamtengo. A Tovwirane analowako Loweruka pa 7 Okutobala, akuimba nyimbo za kwaya. Maluwa aja anali atauma ndi dzuwa, anawalima. Mitanda yodyedwa ndi chiswe anaiunjika n'kuitentha. Mitumbira anaikweza yonse mofanana ngati mizere ya fodya, n'kuizunguliza miyala yopaka laimu.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinawagwira mkono aNyaChirambo kupita nawo kumanda. Anapapasa mtumbira woyamba, wachiwiri, mpaka womaliza.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi mwandibweretsa kumanda a eni ake?"

Fiskani anatipeza pomwepo, nkhope yake ili yomwe ija ya pabolodi. Anafunsa ngati amama aona mmene kwawalira.

"Mwana wane, ine sindiona. Maso anga ndinawadzala pano, ndiye wawalima."

Ndinamufunsa ngati anafunsako munthu. Anati anafunsana okhaokha m'gulu ndipo onse anavomera. Kenako anatulutsa foni, akuti anajambula asanayambe ntchito. Tinayang'ana zithunzi zonse. Chilichonse chinali cha iwo eni ataimirira pamzere, atatambasula chinsalu cholembedwa dzina la gulu, mitumbira ili kumbuyo kwa chinsalucho.

Anthu anabwera kwa ine, popeza amati sindiiwala. Tsiku ndinawauza, ndi nyimbo imene tinaimba chapatali ndinawauza. Koma tsiku sililoza mtumbira, pakuti okumba ankangokumba pamene pafewa. Wina anati ndi wachiwiri, wina analumbira kuti ndi wachinayi.

Laws atafika anamugwira Fiskani pakolala, akulu a mpingo n'kuwaleretsa. Fiskani anapepesa, kenako anapereka nzeru yoti apalase mitumbirayo pang'ono, apeze mizu. Akuluwo anamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. Mtumbira sukumbidwa, ndipo khasu lake linali litalowapo kale kamodzi mopanda chilolezo. Laws, poona tchuthi chikutha, anati angomanga chiliza pamtumbira wapakati, Mulungu akudziwa ake.

"Ine sindinakwatiwe ndi wapakati," anatero mayi ake. "Ndinakwatiwa ndi Amock Harawa."

Apa Fiskani anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati kuthira madzi pamtumbira n'koletsedwanso. Akulu anayang'anana. Palibe anali atamvapo lamulo lotero, chifukwa palibe munthu anaganizapo zothirira manda. Anamulola.

M'mawa uliwonse a Tovwirane ankatunga madzi pamjigo uja anaukonza, kukathira mitumbira yonse isanu ndi iwiri, kuti mizu ya maluwa iphukire kumene ili. Bolero yense anaseka. Akabaza akamuona ankamufunsa kuti feteleza athira liti, ena amvekere mbewu imeneyo wokolola wake ndi mngelo Gabirieli. Atsikana a m'gulu anayamba kudwala mitu. Anyamata anakumbuka minda ya makolo awo. Fiskani anatsala yekha ndi njinga yakapalasa ndi zigubu ziwiri, dzuwa la Okutobala likumwa madziwo iye asanatembenuke. Ine ndinkamuona akudutsa pakhomo panga thukuta lili kamukamu, ndipo sindinkadziwa ngati ndimupatse madzi akumwa kapena ndimutukwane. Ndinkachita zonse ziwiri.

Laws anabwerera ku Joni osatsanzika gululo. Mwala unatsala utatsamira khoma m'nyumba ya mayi ake, ataufunditsa chitenje.

Pa 2 Novembala Fiskani anafika kwathu akuthamanga, njinga ataiiwala kumanda. Tinakawatenga aNyaChirambo. Pamtumbira wakumapeto kwenikweni, umene palibe anautchulapo, panali timasamba tobiriwira topindika ngati ndudu. Mayiwo anagwada, n'kutisisita pakati pa zala kwa nthawi yaitali.

"A Harawa," anatero, "mwabisala mokwanira."

Fiskani anangomuthokoza kuti yewo, osatembenuka.

Chiliza tinachivundukula pa 23 Disembala, Laws atapemphanso tchuthi china. Anamupatsa Fiskani dzanja akuyang'ana kumbali. Maluwa aja mmisiri anawasiyira malo kumutu, monga analamulira aNyaChirambo.

Pa chakudya Fiskani anadzakhala pafupi nane ndi mbale yake. Anati gulu lakambirana, laona kuti maluwawo ndi okongola chomene, ndipo mvula ikakhazikika akufuna kugawa mizu yake n'kuidzala pamitumbira yonse ya m'mandamo, kuti pasakhale wakufa wooneka wosiyidwa.

Ndinamufunsa kuti maluwawo akamera paliponse, aNyaChirambo ndi ena osaona adzasiyanitsa bwanji ake ndi a eni ake. Anatafuna nyama, akuganiza.

"Koma aphunzitsi, pano pali chiliza."

Ndinamuuza kuti mitumbira ina ija ilibe, ndi kuti akagwiranso khasu kumanda ndidzamutengera ndekha kwa akulu a mpingo nditamugwira khutu. Anavomera mwaulemu. Kenako anafunsa ngati kudzala ndi manja n'koletsedwanso.