Pini ya chitenje changa yatsala pa mapu ku Boma

Mwaswera bwanji abale nonse. Ndangotsika minibasi pa Chonde, mtima udakali m'mwamba.

Lero ku Boma kunali msonkhano wa ife ochita bizinesi zothandiza anthu. Ndinaimira gulu lathu losoka mapadi ochapa a atsikana a sukulu. Alendo a ku Lilongwe anamata mapu a Mulanje pakhoma, ati aliyense alembe pa kapepala amene amamuthandiza, amate pomwe ali.

Ine ndinalemba Mayi Namakhwa, othyola tiyi aja amene anatibwereka makina awo osokera, chaka chachitatu chino.

Bambo wina wa tayi anamatula kapepala kanga n'kukaponya pansi. Ati, "Amayi, apa tikufuna mabungwe olembetsedwa, osati anthu wamba."

Ndinayang'ana mapuwo. Adzaza mabungwe amene anabwera kwathu kamodzi, kutijambula zithunzi, osaonekanso.

Ndinakatola kapepalako, koma kanali katadya fumbi, sikamamatanso. Ndinamasula pini ya chitenje changa n'kukabaya nayo pamapu, pa Chonde penipeni. Ndinati, "Pakanapanda makina a mayi awa, ana athu bwenzi akujomba kusukulu mwezi ndi mwezi. Matulaninso, anthu onsewa akuona."

Bambo wa tayi uja sanakakhudzenso.

Ndabwera chigwirire chitenje ndi dzanja njira yonse. Mwina sadzatiitananso, ndipo sindikupepesa. Atsibweni, inu mumati ndili ndi pakamwa, ndiuzeni: dzina la mayi amenewa ndikanalisiya pansi anthu azilipondaponda?