Mwendo uli m'mwamba

Tadala mwana wanga, lero pa gulupu ya WhatsApp ya makolo a ana a fizo wina walemba kuti, "Amake Tadala, mwasowatu. Mukumuchititsabe mafizo?" Patha chaka chikuikire iwe m'manda ku Maganga, iwo sakudziwa n'komwe. Ndakumbuka tsiku lija ndinatsamiritsa foni pa ndowa, iwe uli chagada pamkeka, tikutsanzira mayi wa mu vidiyo yophunzitsa mafizo olimbitsa miyendo. Atangoti "kwezani mwendo", netiweki inathawa. Ndinanyamula foni kuthamangira pachulu kukaisaka. Pobwera ndinapeza mwendo wako wouma uja uli m'mwamba, wekha, popanda wokugwira. Unkanjenjemera uku ukuseka, kudikira mayiyo anene kuti tsitsani.

Ndinafuula kuitana aneba kuti adzaone, omwe aja ankati bambo ako anakukhwimira kuti azipha usipa wambiri. Palibe anasuntha. Koma pamaliro ako anadzaza bwalo, kulira kuposa ine amene ndinakubereka. Pagulupu paja sindinayankhe. Ndangotsegula vidiyo yakale ija n'kuiimitsa pomwe paja. Mayi uja asanenenso kuti tsitsani.