Inki yonyezimira ya msuweni wanga

Lachiwiri masana msuweni wanga Dismas anatulukira kwathu ku Katondo, muno mu Kabwe, atakolekera katoni ya nsapato m'khwapa. Nsapato munalibe. Munali timabotolo ta inki yomwe amapanga yekha kunyumba kwake ku Makandanyama, komwe mkazi wake anasiya kale kufunsa chomwe chadetsa miphika.

"Ba Vero, munilembeko mu nyuzi," anatero asanakhale n'komwe. "Koma muyambe mwayesa. Sinifuna vonitamanda chabe cifukwa ndine wanu."

Anabwera pakhomo poyenera. Ine danga lino ndimayamba kulilemba ndi peni ya nibu ndisanapite pa kompyuta, ndipo matendawa ndinatengera atate. Iwo anali kalaliki kunjanji, bambo awo ankagwira kumgodi. Mpaka lero, ndi ukalamba wawo wonse, bolopeni amaitcha kamtengo ka ana a sukulu. Atangomva mawu oti inki anakoka mpando wawo kubwera pakhonde.

Kuyesa inki sikufuna sukulu. Umalemba mzere, n'kudikira pang'ono, n'kupaka ndi chala kuona ngati yauma. Kenako umadonthezapo madzi. Pomaliza umatembenuza pepala kuona ngati yaboola kuseri.

Yoyamba inali ya lumanda, chomwe ena mumati chidede. M'botolo inali yofiira mosiririka. Itafika papepala inasanduka pepo wotuwa, ndipo dontho limodzi la madzi linakokolola chiganizo chonse. Ndinamuuza Dismas kuti imeneyo akagulitse kwa olemba malonjezo a kampeni.

Yachiwiri inali ya nthanga za kotapela, mapeyala aja. Mtundu wake ngati tiyi wamkaka. Papepala labwino inayenda bwinobwino, koma pa la m'kope wamba zilembo zinamera ubweya, "a" ndi "o" osasiyananso.

Yachitatu anaiphika ndi masamba a tiyi ndi misomali ya dzimbiri. Inatuluka yotuwa moti ndinayamba kumuseka, koma tikuyang'ana chomwecho inayamba kuda yokha, n'kudererabe. Madzi sanaisunthe. Atate anagwedeza mutu. "Iyi ndiye inki," anatero, ndipo atate sayamikira wamba.

Dismas anali atasunga ina pansi pa katoni. Anaitulutsa ndi manja awiri, papepala lake atalembapo kuti Mtima wa Kabwe. Anati ndiikhutchumule kaye. Ndinatero, ndinadzaza peni, ndinalemba dzina langa.

Ndisakunamizeni, inali yokongola. Yakuda motuwira, ndipo ukapendeketsa pepala padzuwa chilembo chilichonse chinkanyezimira. Ndinayamba kale kuganiza mawu oitamandira.

Mzere wachiwiri usanathe, peni inayamba kudumphadumpha, kenako inaima. Ndinayang'ana m'botolo, pansi pake patakhazikika matope. Inki yabwino sitero. Chinachake chosasungunuka chinali chitatseka nibu.

"Bweretsa kuno, iwe sudziwa," anatero atate.

Anailanda peni ija, n'kunyambita nibu.

Ndi chizolowezi cha makalaliki akale. Kunjanji ankalemba ndi pensulo zija zomwe zinkafuna malovu kuti zilembe, ndipo tili ana tinkawadziwa kuti agwira ntchito kwambiri tikaona lilime lawo lili pepo. Chilichonse cholembera chikakana, mankhwala awo ndi lilime. Peni inayambadi kulemba, iwo n'kumwetulira, palilime pali mzere wakuda.

Apa m'pamene ndinafunsa funso lomwe ndikanayenera kuyamba nalo. "Iwe Dismas, chikunyezimira muno n'chiyani?"

Anayankha monyadira. "Ni fumbi ya pa phiri yakuda. Nimasefa na sitokoni, napera bwino bwino. Osadandaula, ili na kamtondo kake."

Kwa inu owerenga akutali, phiri lakuda si phiri la Mulungu ayi. Ndi mulu wa zotsala za mgodi wakale wa mtovu, uja unatsekedwa n'kutisiyira fumbi lake. Pano mtovu timangoti ledi, ndipo palibe munthu wa ku Kabwe amene sadziwa chomwe umachita m'magazi a mwana.

Ndinawatsomphola peni atate m'manja. Ndinathamangira madzi, ndinawauza alavule, achukuche mkamwa, alavulenso. Iwo anakwiya kuti ndikuwachita ngati khanda pamaso pa mwana wa mlongo wawo.

"Iwe Vero, ine ndinabadwira m'fumbi limeneli," anatero akupukuta pakamwa. "Atate wanga ankabwera nalo m'tsitsi. Tinazolowera."

Dismas anaseka. "Mwamvera amalume? Ise ba Kabwe tinazolowera. Manje pa Ciwelu nizaipeleka ku parishi. Bana bamene nimaphunzisa kulemba bazaikonda maningi, ija kung'anima."

Ana. Loweruka lomweli. Anali atatsuka kale timabotolo towagawira.

Ndiuzeni inu makolo, munamuonapo mwana wogwira cholembera osachiika mkamwa? Amatafuna chivindikiro, amayamwa nsonga, inki ikamudontha pachala amanyambita. Ndiye munthu wamkulu, wa mano ake onse, wokonda ana moti amawaphunzitsa ulere, wakhala pansi n'kusefa ledi ndi sitokoni kuti akawapatse m'manja!

Ndinamukalipira Dismas mpaka aneba anasuzumira pampanda. Koma chomwe chandisowetsa mtendere sabata yonseyi ndi liwu lija analitchula onse awiri, mkulu ndi mwana: tinazolowera.

Tinazolowera chiyani? Munthu amazolowera kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Amazolowera phokoso la sitima, ndi maminibasi a ku Mukobeko oima pomwe afuna. Koma magazi sazolowera ledi. Amangomusunga. Chomwe chinazolowera ndi pakamwa pathu, chifukwa tinapeza liwu lotsekera nkhani tisanaiyambe.

Tamverani mmene timayankhulira m'tauni muno. Mwana akalephera masamu, wina amati "ni ledi," anthu n'kufa nacho chiseko. Kondakitala akaiwala pokutsitsa, "ni ledi." Mlendo akabwera ndi kamera timamuperekeza kuphiri lakuda ngati tikukamuonetsa mathithi. Chinthu chomwe chimayenera kutikwiyitsa tinachisandutsa nthabwala, ndipo nthabwala ikakoma palibe amene amafunanso kuti ithe.

Pamene tikusekapo, pali mayi amene amawaza madzi pabwalo asanasese kuti fumbi lisauluke. Pali wina amene anabwera kuchokera kuchipatala atauzidwa zomwe zapezeka m'magazi a mwana wake, ndi malangizo oti azimusambitsa m'manja, ngati kuti mwana angaleke kukwawa. Mayi ameneyo mukamuuza kuti tinazolowera, akuyankheni chiyani?

Amene anakumba n'kuchoka ndili nawo mawu, ndipo ndinawanenapo m'danga lino. Amene amabwera ndi magalimoto oyera kudzayeza dothi lathu n'kubwerera ndili nawonso mawu. Koma iwowo amagona tulo chifukwa ifeyo timawayimbira nyimbo yogonetsa. Munthu amene akunena yekha kuti anazolowera, ndani angamuthamangire?

Dismas anayesa kudziteteza. "Benangu batenga miyala kuja na mawilibala, benangu bathira pa njira. Ine ni kasupuni chabe. Nenze kufuna kuti cintu cimozi cabwino cicokeko kuja."

Pamenepo anandimvetsa chisoni, ndivomere. Ndikudziwa kutopa kwake. Tonse tinatopa ndi kudziwika ndi poizoni, ndipo iye ankafuna kuti tsiku lina munthu atchule Kabwe akumwetulira. Koma ledi wonyezimira ndi ledi yemweyo. Ndinamuuza kuti chinthu chabwino chochokera ku Kabwe anali nacho kale m'katoni, inki ya misomali ija, ndipo akapita ndi inayo kuparishi ndikafika ine iye asanafike.

Ananyamuka osatsanzika bwino. Anatenga timabotolo take, koma ka Mtima wa Kabwe anakasiya patebulo. "Tayani mweka, si ndimwe odziwa," anatero ali pageti.

Lachinayi anaimba foni, mawu ali pansi. Anati ana adzalembera ya misomali. Anati mkazi wake atamva nkhaniyi anafunsa kuti kamtondo kaja ankakatsukira kuti, ndipo yankho lake silinamusangalatse. Ndinapuma. Ana a kuparishi apulumuka ku kasupuni kamodzi.

Tsono ndinatenga kabotolo kaja kuti ndikakataye. Ndinatuluka nako panja, n'kuima.

Ndikathire kuti? Kuseri kuli dimba langa la repu ndi chibwabwa. Mu ngalande ya kumsewu ndi momwe ana a aneba amayandamitsa timabwato ta mapepala. Kudzala kumapita nkhuku, ndipo nkhukuzo timadya. Ndinazungulira nyumba yonse ndi kabotolo kosakwana m'dzanja, osapeza malo.

Atate ankandiyang'ana ali pakhonde, peni yawo yakale ili m'thumba la shati.

"Ukuvutikiranji?" anatero. "Thira pansi pomwe waimapo. Ibwerere kwawo."

Sananene moseka. Ndinayang'ana dothi lomwe ndinapondapo, lomwe ndinakwawapo ine, lomwe adzukulu awo amaumbira timagalimoto akabwera patchuthi.

Kabotoloko kali pamwamba pa kabati mpaka pano, ndakamanga m'pulasitiki. Ine ndalephera kupeza potayira ledi wa kasupuni kamodzi. Inu amene munatisiyira phiri lathunthu, ndi inu amene mumapempha mavoti m'munsi mwake, mukuti ana athu alitayire kuti?