Nambala ya Mpweya wa m'Balani

Nditamaliza maphunziro a uinjiniya ntchito inasowa, ndiye ndinabwerera kwathu ku Edingeni ndi laputopu yosweka pakona. Anzanga a m'mudzi anali atapita ku Joni, a kusukulu ali m'maofesi ku Lilongwe. Ine ndinatsala ndi makolo ndi balani.

Balani la bambo, loumitsiramo fodya ndi moto, linkadya nkhuni ngati lili ndi njoka m'mimba. Mitengo yapafupi inali itatha, ndipo bambo ankati zikapitirira chonchi asiya fodya. Ndinawalonjeza kuti ndikonza ng'anjo ndi mapaipi kuti moto wochepa uzikwanira. Kunena zoona, ndinkafunanso kuti kukhala kwanga pakhomo kuoneke kuti kuli ndi phindu.

Ndinamanga balani lonse mu pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera mmene kutentha kumayendera. Makoma, chitseko, mapaipi, zonse zinalowa bwino. Kenako pulogalamu inandiimitsa ndi funso: pamafunika kutentha kochuluka bwanji kuti kilogalamu imodzi ya mpweya wa m'balani ikwere ndi digiri imodzi? Iyo imatenga mpweya ngati mwana womvera, wotsata lamulo losavuta la m'buku, koma nambala imeneyo umaiuza ndiwe. Ungalembe nambala imodzi yosasintha, kapena fomula yosintha moto ukamakula.

Ndinayamba ndi nambala ya mpweya wouma. Zotsatira zinakoma mopitirira moti ndinazikayikira. Mpweya wa m'balani si wouma ayi. Masamba amachita thukuta, ndipo nthunzi imafuna kutentha pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndinayenera kulemba za mpweya pazokha, za nthunzi pazokha, ndi kunena kutentha kumene fomula iliyonse imayambira ndi kumene imalekezera. Ndikaphonya pang'ono, pulogalamu inkandikalipira ndi zilembo zofiira.

Womufunsa panalibe. Kwathu kulibe magetsi, choncho ndinkapita ku Boma kukakhala pabenchi ya malo ometera, laputopu ili pamiyendo, tsitsi la eni ake likugwera pamapazi anga. Ometedwa ankasuzumira poyesa ndikuonera mpira, akaona manambala n'kutembenuka. Mnzanga wa kukoleji ndinamutumizira funso. Analiwerenga, mpaka lero sanayankhe. Ndikafika kunyumba amayi ankandifunsa, "Kasi kompyuta yako yati vichi lero?" Ndinkangoti ikuganiza. Ndinkasungulumwa koopsa, ngakhale pakati pa anthu ondikonda.

Tsiku lina zilembo zofiira sizinabwere. Mzere wa kutentha unakwera mwaulemu, ndipo zinaoneka kuti kusuntha mapaipi ndi kuchepetsa pakamwa pa ng'anjo kungapulumutsedi nkhuni. Ndinaseka ndekha mpaka wometa anaimitsa makina. Ndinasindikiza chithunzi cha balani la mu pulogalamu n'kukwera galimoto ya matola, pepala nditaliika m'malaya poopa fumbi.

Pakhomo ndinapeza ngolo. Denga la balani linali pansi, bambo akugumula khoma ndi kusanja njerwa zoti akamangire khola la mbuzi.

"Nkhuni zamala, mama," anatero kwa ine, kutanthauza kuti nkhuni zatha. "Mbwenu tilime soya."

Ndinawapatsabe pepala lija. Anapukuta manja pathalauza, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, mivi yofiira ndi yabuluu ya papepalapo, yoonetsa kayendedwe ka mpweya, ikuzungulira m'balani lomwe theka lake linali kale m'ngolo.

"Lokongola," anatero. "Yewo chomene." Analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

Ndinavula nsapato za ku Boma, n'kuyamba kuwapatsira njerwa.