Mayi Pyo ndi Mchere wa M'botolo

Mayi Pyo Mal-rye sakhulupirira chinthu asanachilawe. Ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi mu shedi yathu ku Haenam, komwe timanyika kabichi m'madzi amchere kuti anthu a m'tauni akapangire kimchi, ndiwo ya kabichi wowawasa, ndipo sindinawaonepo akuyeza mchere ndi chida. Amangopisa chala mu thanki, kunyambita, basi. Sopo watsopano anamulawapo. Chipale chofewa choyamba kugwa chaka chilichonse amachilawa, ati aone ngati chikufanana ndi cha chaka chatha. Mafunso ndiye osanena. Woyendetsa basi wa kwathu amakweza wailesi akangowaona.

Funso limodzi lokha ndi limene ankaliopa. Mkulu wawo, Mal-sun, anamwalira ndi khansa ya m'matumbo, yomwe inadziwika madzi atafika kale m'khosi. Ndiye Mayi Pyo ataona timagazi kuchimbudzi, anakhala chete miyezi iwiri, iwo amene sakhala chete ngakhale pamaliro. Anandiuza tikutsuka mathanki, maso ali kumbali. Ndinawakalipira, ndipo sindinong'oneza bondo.

Adokotala anati ayenera kuunika m'matumbo ndi kamera, koma mukhale moyera kaye. Anawapatsa botolo la mankhwala amadzi otsuka m'mimba, ndi pepala: masiku atatu osadya chitowe kapena ndere za m'nyanja, dzulo lake osadya cholimba, ndipo akamwa mankhwalawo atsatize madzi ambiri, makapu ake olembedwa.

Vuto linali nyengo. Mu Novembala kabichi amabwera pa malole, ndipo tonse mu shedi tili ndi chizolowezi choipa: sitimwa madzi. Chimbudzi chili kuseri kwa munda, ndipo kuti uvule magolovesi, epuloni ndi nsapato za mphira, anzako amakhala atamaliza thanki lonse. Mayi Pyo anadzizoloweza zimenezi zaka makumi anayi, mpaka ankanyada nazo. Choncho masana a tsiku lomwa mankhwala anagugudiza botolo lija, nati, "Aa, mchere wake wochepa uwu," n'kubwerera pa ntchito. Madzi sanamwe ngakhale dontho.

Dzuwa litapendeka ndinawapeza atakhala pansi pambali pa thanki, milomo itauma gwa, akuti shedi ikuzungulira. Ndinachita mantha kwambiri. Tinathamangira nawo kuchipatala, anawaika diripi, ndipo zounika zija zinalephereka.

"Sindipitanso," anatero atachira. "Mankhwala aja ndi poizoni."

"Poizoni ndi khutu lanu louma, achemwali. Pepala munawerenga?"

"Iwe Gye-ok, unayamba liti udokotala? Kabichi yemwe sutha kumudula mowongoka."

Ndinadziwa kuti kuwaopseza n'kutaya nthawi. Ndinangoti, "Komabe n'zodabwitsa. Mchere umayeretsa bwanji m'mimba?" N'kuchokapo.

Anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anandikoka mpaka ku famase, sitolo ya mankhwala ya Bambo Ok, botolo lopanda kanthu lili m'thumba la epuloni.

"Bambo, tandiuzeni. Ine mchere ndimadya tsiku lililonse. Uwu wasiyana pati?"

Bambo Ok ndi munthu wodekha, ndipo kimchi wa kunyumba kwawo amachokera m'manja mwa Mayi Pyo. Anati, "Mtundu wake ndi wina, mayi. Uwu thupi siliutenga kwenikweni, umatsala m'matumbo. Nanga mchere ukakhala pa kabichi umatani?"

"Umakoka madzi. Kabichi amafota."

"Ndiye uwu umakoka madzi m'thupi mwanu kupita m'matumbo, madziwo n'kukokolola zonse. Mukapanda kubwezera madzi, wofota ndani?"

Mayi Pyo anayang'ana botolo, kenako manja awo. "Ndiye kuti ndinadzinyika ndekha?"

"Munadzinyika osatsukuluza."

Mayi Pyo anaseka mpaka kutsamira kauntala, ndipo mafunso anayamba kutuluka. Nanga atasungunula mchere wathu wa mu shedi? Ayi ndithu, anatero Bambo Ok, umenewo ungakupwetekeni koopsa. Nanga atamwa mabotolo awiri kuti muyere msanga? Ayi, mlingo ndi womwe alemba adokotala. Nanga amuna awo, amene amadzimbidwa sabata yathunthu, angawapatseko? Apa Bambo Ok anavula magalasi. Anati bambo aja ali ndi vuto la impso, ndipo munthu wa impso kapena mtima samwa mankhwala amenewa adokotala asanavomere. Anafunsanso za mapiritsi a Mayi Pyo a kuthamanga kwa magazi, nawauza kuti akawatchule kuchipatala. Tinatuluka anthu anayi akudikira kumbuyo kwathu, mmodzi akung'ung'udza.

Ulendo wachiwiri anapempha tchuthi, koyamba chiyambire ntchito. Ndinapita kukawaona masana. Anali atandanditsa makapu pakhonde, ndipo akamaliza imodzi ankaivundikira. Akabwera kuchimbudzi ankandifotokozera mtundu wa zomwe aona, ine osafunsa.

"Kabichi timatsukuluza katatu," anatero, "ine ndafika kasanu ndi kawiri. Tsopano zikutuluka zoyera ngati tiyi wa balere."

"Achemwali, ndikudya."

"Ndani anakuuza ubwere ndi chakudya kwa munthu wanjala?"

M'mawa mwake ndinawaperekeza. Atatsitsimuka ku tulo ta mankhwala, adokotala anati mkati munali moyera bwino, ndipo anapeza kanyama kamodzi komera pakhoma la thumbo. Anakadula pomwepo, ndipo kakapimidwa. Mayi Pyo anati awaonetse. Chithunzi chinabwera pa kompyuta, iwo n'kusendeza mphuno pafupi.

"Kakula bwanji?"

"Ngati nyemba."

"Kakanasiyidwa?"

"Tina timangokhala. Tina m'kupita kwa zaka timasanduka khansa."

"Ya mkulu wanga inayamba chonchi? Kanthu kodula ine ndili mtulo?"

Adokotala anati sangadziwe, koma nthawi zambiri imayamba choncho.

Ndinadikira funso lotsatira, koma silinabwere. Mayi Pyo anapinda chithunzi chomwe anawasindikizira, nachiika m'thumba. Mu basi woyendetsa anafikira pa wailesi mwa chizolowezi, n'kuwayang'ana pagalasi, n'kubweza dzanja. Titadutsa minda ya kabichi ndi pamene Mayi Pyo analankhula.

"Mal-sun ankandikalipira kuti ndimafunsa kwambiri. Iye anadwala chaka chathunthu osafunsa munthu."

Patatha sabata zotsatira zinabwera zabwino. Tsopano pakhomo la shedi pamakhala ketulo yamadzi, ndipo amene wadutsa osamwa amamva Mayi Pyo akukuwa dzina lake mpaka kumunda.