Tizitsulo ta m'Chitini cha Mchere

Amuna anga anali ndi galimoto imodzi moyo wawo wonse, yoyera pogula koma yofiirira ndi fumbi la ku Kabwata. Ankaikonda mwina kuposa ine, ndipo sindinkadabwa, poti iyo sinkawayankha. Kutatsala sabata imodzi kuti mwana wathu wamkazi akwatiwe, akuchimuna, anthu a ku Kabulonga, anatumiza uthenga woti atibwereka galimoto yawo yonyezimira yodzatengera mkwatibwi kutchalitchi ku Chelstone. Amuna anga anakana.

"Mwana wanga nenze kumupeleka ku sukulu na motoka iyi," anatero. "Na ku chikwati nizamupeleka neka."

Mwanayo anavomera, koma anaika lamulo lake: galimotoyo ikangoonetsa vuto lililonse, akwera ya apongozi ake.

Lolemba ndinaganiza zoitsuka ndekha, chifukwa amuna anga ankatsuka pokhapo pamene diso la munthu woimirira limafika. Ndinagwada ndi burashi mpaka m'matayala. Ndipamene ndinaona tizitsulo totuwa titakanirira m'mphepete mwa limu, chitsulo chozungulira chimene tayala limavekedwapo, tiwiri kutayala lakumanja, kamodzi kulamanzere. Ndinadzifunsa ngati opanga galimoto angaike zinthu zosafanana chonchi. Pompo ndinakumbukira mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene dzulo lake anaima pafupi ndi galimotoyo n'kufunsa akumwetulira kuti, "Kansi izafika ku Chelstone iyi?"

Ine ndine mayi wa mumpingo, ndipo Lachinayi lililonse ndinkadzudzula amayi anzanga okhulupirira nyanga. Koma ukwati wa mwana wako si poyesera chikhulupiriro. Ndinatenga mpeni, n'kukanganula tonse titatu, n'kutikwirira m'chitini cha mchere kuseri kwa mapoto kuti mphamvu yake ife. Ndinapempheranso, kuti mbali zonse zikhale zotseka.

Lachiwiri tinanyamuka awiriwiri kukaona tchalitchi. M'tauni zonse zinali bwino, poti mmenemo galimoto zimayenda ngati maliro. Titalowa msewu waukulu wa ku Chelstone, singano yoonetsa liwiro itafika pa eyite, chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati sefa ya ufa. Masaya a amuna anga ankagwedera, magalasi akutsetsereka pamphuno. Akachepetsa liwiro, zii. Akaponda, zayambanso. Ine mumtima ndinati ndachedwa, mankhwala analowa kale. Titafika kunyumba ndinawonjezera mchere.

Lachitatu tinapita ku Kamwala kwa mkulu wina wokonza matayala, Mbemba wa imvi amene ankadziwana ndi amuna anga kuyambira kale.

"Shani ba mudala, yachita bwanji?" anafunsa mkuluyo.

"Stiyalingi ivina pa eyite," anayankha amuna anga. "Koma si balansi, ninachitisa mwezi watha."

Mawu akuti balansi ine sanandiuze kanthu, ndipo mkuluyo anawakhulupirira n'kuyamba kufufuza kwina. Anakweza galimoto ndi jeke, nazungulitsa tayala akuliyendetsa chikhatho, kufuna chotupa. Anati waya wam'kati akaduka, tayala limatupa mbali imodzi n'kumadumpha pamsewu. Panalibe. Anasuzumira limu ngati inapindika pa dzenje, poti maenje a kwathu nthawi ya mvula amameza ndi njinga yomwe. Inali yowongoka. Anayesa manati onse ndi sipanala, anagwira tayala uku ndi uku n'kuligwedeza kuti amve ngati zitsulo zolumikiza chiwongolero zinadyeka, anapisa dzanja kumbuyo kwa limu kufuna matope ouma. Anangoti, "Iyi motoka yasamba kupambana ine."

Ndinamva kukoma, koma kwa kanthawi kochepa. Nditatembenuka, pafupi ndi makina ozungulitsa matayala ndinaona chitini chachikulu chodzaza tizitsulo totuwa tija. Mkulu mnzake wa pamenepo anatolapo kamodzi, n'kukakhomerera pa limu ya munthu wina ndi kahamala, masanasana, mwini wake akuyang'ana. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalidya ndi mchere womwe.

Ndikadatha kukhala chete. Koma ndinamva amuna anga akulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo. "Basi, tiyeni amai. Tizamuuza mwana akwele chabe ya ku Kabulonga." Anali kusisita boneti, maso ali pansi. Chisoni chinandigwira kuposa manyazi.

"Tuja tunsimbi twa mu chitini," ndinatero, "ngati munthu atuchosa ku limu, chingachitike n'chani?"

Mkuluyo anandiyang'ana, kenako anagwada n'kuyendetsa chala pa limu. Anapeza malo owala, ndi mikwingwirima ya mpeni wanga. "Ba mayo, tayala siilema chimozimozi konse," anatero, akulimbana ndi kuseka. "Tuja ni tumtovu, timaika ku mbali yopepuka. Mukachosa, pa sipidi ivina."

"Manje tuli kuti?" anafunsa amuna anga.

"Mu mchele."

Amuna anga anavula magalasi, kuwapukuta, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Mailo pa Chinayi muzaphunzisa chani, amai?"

Mkuluyo anazungulitsa matayala pamakina n'kukhoma tizitsulo tatsopano. Tinakayesa pamsewu uja. Eyite inafika, inadutsa, chiwongolero chili phee. Mayi wa nyumba yoyandikana uja ndinamupititsira khadi laukwati ndi manja awiri, iye osadziwa chimene ndinkapepesa.

Loweruka tinamanga maliboni, mkwatibwi anakhala kumbuyo ndi ine, atate ake kutsogolo atavala suti. Tinatuluka m'Kabwata, tinadutsa tauni, tinalowa msewu waukulu. Singano inafika pa fote n'kukhala pomwepo. A ku Kabulonga kumbuyo kwathu ankaliza hutala, makondakitala a minibasi akutikuwiza potipitirira. Ndinapsa mtima: sabata yonse ya manyazi anga, kuvutikira eyite amene sitimufika n'komwe.

"Atate, pondani," ndinatero. "Motoka ili bwino manje."

"Niziba," anayankha, osacheuka.

Ndinayang'ana kutsogolo. Chiwongolero chinali phee, manja awo ndiwo ankanjenjemera. Mwana wathu anatambasula dzanja n'kuwagwira paphewa, ndipo tinafika ku Chelstone pa fote yomweyo.