Ndinawotcha mita ya eni ake ku Limbe

Chaka chatha, ndili ndi zaka 67, ndinawotcha mita yoyezera magetsi ya eni ake chifukwa chokana kukhala pabenchi ndi ophunzira. Mlandu ndi wanga ndekha.

Ndakonza mawailesi pakhonde la sitolo ku Limbe kuyambira ndili wachinyamata. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Mita yam'manja imene amisiri amayezera magetsi m'zipangizo ndinali ndisanaigwirepo. Batire ndinkaliyesa ndi lilime, chopsa ndinkachidziwa ndi mphuno, chotentha ndinkachipeza ndi chala. Ana asanu ndinawalera ndi manja amenewa, ndiye za kuuzidwa sindinkafuna kumva.

Lolemba lina akwaya a mpingo wathu ku Chigumula anandibweretsera ampulifaya yawo yokwezera mawu. Inali itasiya kulira, ndipo Loweruka kunali ukwati kutchalitchi. Ndinawauza kuti asadere nkhawa, dzina langa amalidziwa. Nditaitsegula ndinapezamo tizinthu tating'onoting'ono ngati mpunga. Kununkhiza, palibe fungo. Kugwira, zii. Masiku atatu anatha ndikungoyang'ana.

Dalaivala wina wa minibasi, kasitomala wanga wakalekale, ndi amene anandiuza za chipinda china kumtunda kwa msika, kumene anthu amapita kukagwiritsa ntchito zipangizo zoyezera ndi zowotcherera mawaya. Lachinayi m'mawa ndinanyamula ampulifaya ija n'kupita nayo kumeneko. Ndinapeza ophunzira asanu ndi atatu, ena azimayi, ndi mphunzitsi wawo Alinafe, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza. Anandilandira bwino, koma anati mlendo sagwira mita yekha asanaphunzire masiku awiri.

"Mwana iwe, pamene ndinkayamba kukonza wailesi mayi ako anali asanamere mano," ndinatero.

"Zoonadi bambo, koma mitayi siidziwa zimenezo. Khalani apa, ndikathana ndi awa tiyezera limodzi."

Ophunzira anandiseka. Iye atangotembenuka, ndinatola mita ija.

Inu owerenga, mita ili ndi mabowo awiri olowetsamo waya wofiira, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Ukalowetsa wayayo m'bowo lolakwika n'kugunditsa pamagetsi ochokera kukhoma, zimaphulika. Limeneli ndi phunziro la tsiku loyamba, limene ndinalikana. Ndinalumikiza ampulifaya kusoketi, n'kugunditsa mawaya onse awiri pamene magetsi amalowera. Kunamveka phuu! Moto unandinyambita zala ziwiri, magetsi anazima m'chipinda chonse, mita inafuka utsi. Ndipo mita inali imodzi yokhayo.

Ndinayembekezera kuthamangitsidwa, chifukwa ine ndikanakhala mwini wake ndikanatero. Alinafe anandigwira pamkono n'kundikokera kumpopi. Ndinayamba kunena za mita, iye anandidula.

"Mita ina ipezeka bambo. Zala sagulitsa mumsika. Musachotse dzanja pamadzipo."

Anandiperekeza yekha kuchipatala. M'njira monsemo sanandinyoze ngakhale kamodzi.

Loweruka akwaya anaimba pakamwa pokha. Akumbuyo sanamve malumbiro a akwati. Ine ndinakhala pafupi ndi chitseko, dzanja lili m'bandeji. Palibe amene anandifunsa kanthu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa bala.

Lolemba ndinabwerera kuchipinda chija. Ndinakhala pabenchi pakati pa mayi wogulitsa mandasi ndi mlonda wa kubanki, ndikujambula mabowo a mita m'kope. Patatha masabata atatu mita ina inapezeka. Tsiku lomwelo Alinafe anaima pambali panga, ndipo ndinayeza ndekha malo ndi malo mpaka ndinapeza kachinthu kamodzi kamene kanafa. Tiyi amene Alinafe ankamwa anali asanazizire n'komwe. Titakasintha, ampulifaya inalira.

Lero Lachiwiri lililonse ndimaphunzitsa atsopano kuwotcherera mawaya, poti ntchito imeneyo ndimaidziwa kuyambira kale. Mita ndimaigwira, koma ndimayamba ndayang'ana bowo. Mtsikana uja ndimamutcha aphunzitsi, ndipo ndimamuthokoza pamaso pa onse.

Amisiri anzanga a m'makonde, luso lanu silitha chifukwa mwakhala pabenchi masiku awiri. Akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Ine kusadikira kunanditayitsa izi: mita imodzi, masabata atatu a ophunzira asanu ndi atatu amene sanandilakwire, mawu a ukwati umene sudzabwerezedwanso, ndi nsonga za zala ziwiri zimene mpaka lero sizimva kutentha.